Nkhongo ya Abambo

Abambo anga anamwalira ndili wamng'ono, zaka zoyambirira za matipate, ndipo sanatisiyire chithunzi. Chinalipo chimodzi chimene anajambulitsa ku Joni atavala jekete yobwereka, koma chinanyowa chaka china denga litadontha, nkhope yonse n'kumatirira pagalasi. Zotsalazo chinamaliza ndi chiswe. Choncho ine ndinakula ndi abambo a m'makutu: munthu wamtali, wosakonda zolankhula, amene anapita ku migodi maulendo angapo n'kubwerako ndi chifuwa chimene chinawapha.

Patapita zaka zambiri, achimwene anga aakulu, amene amakhala ku Lilongwe, anaganiza zomanga chiliza. Sankafuna cha simenti ngati ziliza zina za kumanda kwathu kufupi ndi Nzama. Ankafuna cha mwala wakuda wonyezimira, chogobedwa nkhope ya mwini wake. Nkhope yake iti? Apa m'pamene anakumbukira kuti ali ndi mlongo wawo pa boma la Ntcheu.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kashopu kosindikiza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi zikwangwani. Ndinali nditadziphunzitsa pulogalamu ina ya pa kompyuta youmbira zinthu. Pulogalamu imeneyi sijambula chithunzi chafulati ngati cha pa pepala. Imaumba chinthu chathunthu, chokhala ndi kutsogolo, kumbali ndi kumbuyo, moti ukhoza kuchizunguliza n'kuchiona mbali iliyonse. Ndinkaumbira akalipentala mipando ndi makabati oti azionetsa makasitomala awo asanadule thabwa. Munthu ndinali ndisanaumbepo.

"Iwe si uja umadziwa za makompyuta?" anatero achimwene pa foni. "Tipangire nkhope ya mdala. Ufunse amayi, akuuza mmene analili."

Anazinena ngati akundituma tomato pa Lizulu. Ndikanakana, chifukwa achimwenewo amandikumbukira pokhapokha pakagwa ntchito yaulere. Koma maso a amayi anali atayamba kuchita ng'ala, ndipo nditawauza nkhaniyi anati, "Ndikanangowaonako kamodzi abambo ako maso awa asanatseke." Ntchitoyo ndinaivomera chifukwa cha mawu amenewo basi.

Pulogalamu ija imakupatsa mutu wopangapanga woti uyambirepo, wotuwa ngati dothi louma. Mutuwo unali wa mzungu: mphuno yosongoka, milomo yopyapyala ngati wakwiya. Ndinayamba ndi kuugwetsa mphuno, kuukulitsa milomo, kukankha apa, kukoka apo. Aphunzitsi anga anali anthu a m'mavidiyo a pa intaneti, olankhula mothamanga, amene makompyuta awo satentha ndipo magetsi kwawo sazima. Laputopu yanga inali kaunjika. Ikagwira ntchito pang'ono fani yake inkayamba kulira ngati chigayo, pansi pake n'kutentha moti ukanaumitsirapo mtedza. Ndinkaikhazika pa zitsekerero za mabotolo kuti ipumeko mphepo.

Tsiku lina ndinaumba khutu kuyambira m'mawa. Khutu la munthu si chinthu chamasewera, lili ndi timakhonde tambiri timene sutiona mpaka utafuna kutipanga. Ndili pafupi kumaliza, sikirini inangouma, kachizindikiro kozungulira kaja n'kuyamba kuvina, kenaka pulogalamu yonse inatsekeka. Nditatsegulanso, mutu unali wopanda khutu. Ndinatukwana mokweza moti mayi wina amene ankadikira makadi a chinkhoswe anatuluka panja. Kuyambira pamenepo chala changa chinazolowera kudina batani losungira ntchito pafupipafupi, ndipo mpaka lero chimachita chokha.

Tsiku linanso tsaya lakumanja linangoda bii, ngati lapsa. Ndinasintha magetsi a m'pulogalamumo, ndinasintha utoto, osatheka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita masiku ndinazindikira kuti khungu la mutu woumbidwa lili ndi kunja ndi kukati ngati malaya, ndipo pa tsaya pamenepo linali litavalidwa chotembenuza. Panali batani limodzi lokha lokonzera zimenezo, lobisika pansi pa mawu amene sindikanawaganizira.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri chinali mtundu wa khungu. Ndikaika khungu lakuda, munthu uja ankatuluka mbuu ngati wagona pa phulusa. Ndikawonjezera kuwala, ankanyezimira ngati nsapato yopolisha. Ndikachepetsa, nkhope yonse inkasanduka chimthunzi chokhala ndi maso awiri. Malangizo onse amene ndinkawapeza anali a khungu loyera, la masaya ofiira. Tsitsi nalo linkamera lowongoka, lolendewera ngati ndevu za chimanga. Ndinafika poona kuti amene anapanga pulogalamuyi sanakhalepo pansi n'kuyang'anitsitsa munthu wonga ine. Ndinasiya malangizo awo n'kuyamba kuyang'ana anthu olowa m'shopu muja. Ndinaona kuti nkhope zathu zimaoneka bwino munthu akaima pafupi ndi khomo, kuwala kukubwera kwakukulu kuchokera mbali imodzi. Ndinapanga khomo loterolo m'pulogalamumo, khungu n'kukhala khungu. Tsitsi ndinangolimeta, lifupike.

Nkhopeyo ndinaitolera kwa achibale. Chipumi ndinatenga cha achimwene. Chibwano ndinatenga cha abambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemuwo, amene anandilola kuwajambula atayamba avala chipewa chawo cha kutchalitchi. Azakhali anati abambo anali ndi maso aakulu. Abambo aang'ono anati ayi, anali ang'onoang'ono, ofiira. Mkulu wina amene anali nawo ku mgodi anati chimene akukumbuka n'chakuti ankayenda msanga. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinaumba munthu wa pakatikati, woti aliyense asadandaule kwambiri.

Loweruka lina m'nyengo yozizira ndinanyamula laputopu kupita kumudzi. Batire yake sinkachedwa kutha, choncho ndinaiyatsa titakhala kale pansi. Pakhonde sikirini sinkaoneka chifukwa cha dzuwa, ndiye tinalowa m'nyumba, ine n'kuiika pa mpando, amayi n'kukhala pa mphasa. Anayandikitsa nkhope yawo pafupi kwambiri, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi munthu wooneka bwino," anatero.

"Koma ndi abambo?"

"Kaya, mwanawe."

"Maso awa, amayi, ali bwanji? Ndikulitse? Nanga mphuno?"

Amayi anaseka, kuseka kwa munthu amene wafunsidwa zachibwana. "Iwe, ine ndinkawayang'ana m'maso abambo ako? Ukundiyesa ndinakulira kuti? Pobweretsa madzi ndinkagwada, maso pansi. Polankhula nawo ndinkayang'ana kumbali. Kudya ankadya okha. Ndiye miyezi yake ingati imene ankakhala pakhomo pano? Akangofika, tikuti tizolowerane, basi ulendo wayambanso."

Ndinakwiya, ndipo sindinadziwe kuti ndikwiyire ndani. Mkazi anabereka ana ndi mwamuna, anamudwazika mpaka kumutseka maso, koma sangathe kunena kuti mphuno yake inali yotani. Ndinkaona ngati milungu yonse ija ndinangoitaya. Ndinatambasula dzanja kuti nditseke laputopu.

Amayi anandiyambirira. Anaona fumbi pa malo oyendetserapo chala aja, pansi pa mabatani, n'kulipukuta ndi dzanja monga amachitira ndi chilichonse cha m'nyumba mwawo. Dzanja lawo litakhudza pamenepo, mutu uja unazungulira, n'kutipatsa nkhongo.

"Ayi," anatero amayi nthawi yomweyo. "Apa si choncho."

Kumbuyoko ndinali ndisanakugwireko n'komwe. Inali nkhongo ya mzungu uja, yosalala ngati dzira, yongopakidwa utoto wakuda. Amayi analoza ndi chala, mawu awo atasintha.

"Khosi lachepa. Abambo ako anali ndi khosi lalikulu, ndipo apa panali mizere iwiri yopindika, wapansiwu wautali. Apa, kumanzere, pali chotupa. Unawagwera mwala ulendo wachiwiri. Tsitsi silinkamera pamenepo. Khutu lakumanjali likhale lotuluka kunja, linapindika ndi chipewa cha ku mgodi."

Ndinagwira mausi. Ndinakoka chotupa kumanzere, ndipo china chofanana nacho chinatumphuka kumanja.

"Nanga wawameretsa nyanga?" anafunsa amayi.

Pulogalamu ija, pofuna kukuchepetsera ntchito, imachita kumanja chilichonse chimene wachita kumanzere. Imaganiza kuti munthu ndi wofanana mbali zonse. Mwina kwawoko anthu ndi otero, kumene miyala siwagwera. Ndinasakasaka pozimitsira zimenezo, amayi akundifulumizitsa, mpaka ndinapapeza. Nditangomaliza chotupa chimodzi chokha, batire inatha.

Ndinabwererako Loweruka lotsatira, ndi linanso, ndi linanso. Ndinkatchajitsa laputopu pa golosale ina ya sola n'kuthamanga nayo kunyumba. Amayi amene sankadziwa kukula kwa maso a mwamuna wawo ankadziwa kambuna kakang'ono ka pansi pa nkhongo kamene kankasunga thukuta. Ankadziwa kuti phewa lakumanzere linali lotsika. Anandiuza kuti ndiwonjezere mapewa, chifukwa mutu wopanda mapewa unkawaopsa. Anandikaniza kolala yoyera imene ndinaika, n'kunena kuti inali ya khaki, yothetheka m'mphepete, ndipo anaisoka okha kawiri.

Ndikuumba choncho, iwo ankafotokoza. Ulendo uliwonse wa ku Joni unkayamba ndi mtunda wochoka kumudzi kukafika kumsewu waukulu. Abambo ankatsogola, manja ali m'thumba. Amayi ankatsatira pambuyo, sutikesi pamutu, mwana kumsana. Sankalankhulana, chifukwa panalibe chokamba chimene chikanasintha ulendowo. Njira yonseyo, kutsika zitunda ndi kuwoloka timitsinje, maso a amayi ankakhala pa nkhongo imeneyo. Popita ku tchalitchi ku Nzama zinali chimodzimodzi, ndipo m'tchalitchimo amuna ankakhala mbali yawo chakutsogolo. Ngakhale pa matenda omaliza, abambo ankagona choyang'ana kukhoma kuti asakhosomolere ana, amayi n'kumawasisita kumsana.

Tsiku limene ndinamaliza, ndinaika kuwala kwa pakhomo kuja, n'kudikira kuti kompyuta itulutse chithunzi chenicheni. Inkatulutsa pang'onopang'ono, kabokosi kamodzikamodzi, fani ikulira. Ndinkangopemphera kuti isazime. Chitakwanira, amayi anasendera pafupi. Anachiyang'anitsitsa. Kenaka anakonza chitenje chawo, n'kukhala bwino, miyendo atapinda, monga amakhalira pakabwera munthu wamkulu.

"Ndi iwowo," anatero motsitsa. "Ndi abambo ako awa."

Ine ndinalira. Sindinalire chifukwa cha abambo, amene sindiwakumbuka. Ndinalira chifukwa cha mkazi amene moyo wake wonse anapatsidwa msana, n'kuuloweza mpaka kuukonda.

Ndinawasindikizira chithunzicho pa pepala lolimba, iwo n'kuchikoleka pa msomali m'chipinda. Sichinathe mwezi. Azakhali atachiona anabutsa nkhani mudzi wonse. Anati ndi malodza kupachika wakufa atafulatira. Anati anthu aziti mchimwene wawo anafa atakwiyira banja. Amayi anakwatiwa chitengwa, amakhala pamudzi pa eni, ndipo anazolowera kale kuti mtendere wa mkazi wamasiye umagulidwa ndi kukhala chete. Anachichotsa n'kuchipereka kwa azakhaliwo. Kumene chinapita sindikudziwa.

Ndinkaganizabe kuti pa chiliza zitheka. Ndinatumizira achimwene zithunzi ziwiri, cha kumaso ndi cha kumbuyo, n'kuwaimbira foni.

"Achimwene, mwala uli ndi mbali ziwiri. Kutsogolo agobe nkhope, kumbuyo agobe nkhongo. Nkhopeyo ndi yongopeka, inunso mukudziwa. Chimene amayi akuchizindikira ndi chinacho."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Makompyuta akusokoneza mutu iwe. Unaonapo kuti chiliza cha nkhongo? Kudzabwera anthu aulemu kumeneko, anzanga a kuntchito. Ufuna adzandiseke?"

"Nanga chilizachi n'cha anzanu a kuntchito?"

"Usandiyankhe choncho. Ndakamba kale ndi abambo aang'ono. Akuti wakufa safulatira ana ake, ndipo nkhani yatha. Komanso khutu lija ulikonze, likuoneka ngati la wolumala. Uwaveke suti ndi tayi. Chipumi uchikweze pang'ono."

Pa nkhani za kumanda mwana wamkazi alibe mawu kwathu, ngakhale atakhala kuti ndiye wagwira ntchito yonse. Mkazi wa malemuyo ndiye sanafunsidwe n'komwe. Ndinatsegula fayilo ija, n'kuyatsanso batani lofananitsa mbali zonse, limene ndinavutika kulizimitsa. Khutu linabwerera m'malo mwake ngati silinavalepo chipewa cha ku mgodi. Ndinakweza chipumi, ndinaveka suti imene abambo sanakhalepo nayo. Pulogalamu sinavute ngakhale pang'ono tsiku limenelo. Sinaume, sinatsekeke, laputopu sinatenthe. Bodza inalipanga mosavuta kuposa zonse zimene ndinaipemphapo.

Amayi ndinawauza kuti akuluakulu akana. Anangoti, "Adziwa okha eni ake." Pofika nthawi yovundukula chiliza, miyezi inali itapita, ndipo maso awo anali ataipiratu. Sikirini sankaionanso, ankangoona kuwala. Poyenda ankagwira mkono wanga.

Tsikulo kunabwera anthu ambiri. Magalimoto a ku Lilongwe anaima m'munda mwa eni, n'kuponda mizere ya mbatata. Kwaya inaimba, akulu a mpingo anapemphera, abambo aang'ono analankhula za mbiri ya banja mpaka ana anayamba kulira. Kenaka achimwene anakoka nsalu yoyera ija. Azimayi a m'mudzi analulutira. Mwalawo unali wokongola, sindinganame. Wogoba uja ankaidziwa ntchito yake. Pamwalapo panali mwamuna wa suti, wa makutu ofanana, wa chipumi chachikulu, akuyang'ana anthu molimba mtima.

"Ndi iwowo ndithu!" anatero mayi wina amene anakwatiwa m'mudzimo abambo atamwalira kale. Ena anavomereza. Ena ankayang'ana mwala, n'kuyang'ana achimwene, n'kunena kuti magazi sanama. Achimwene ankangogwedeza mutu, akupukuta magalasi awo.

Anaitana amayi kuti akaike nkhata. Ndinawatsogolera mpaka pamwalapo. Anaika nkhatayo pansi, n'kukweza dzanja, n'kuyendetsa zala pa nkhope ija, pa chipumi, pa mphuno, pa tayi. Anthu ena anakweza mafoni kuti ajambule misozi. Misozi sinabwere. Amayi anagwira m'mphepete mwa mwala, n'kuyamba kuuzungulira pang'onopang'ono, akupapasa. Ndinawatsatira. Azakhali ananong'oneza wina kuti amayi akukabisala kuti alire bwino.

Kumbuyoko mwala sanaupolishe. Unali wokhakhala, wotuwa, wokhala ndi mizere ya macheka ndi madontho a simenti. Amayi anaupapasa kuchokera pamwamba, n'kutsika, n'kuima chakumanzere. Anasisita pamenepo ndi chala chachikulu, kubwereza, ngati mwina wogobayo anasiyako kanthu mwangozi. Kutsogolo kwaya inali itayamba nyimbo ina.

"Mwanawe," anatero, osatembenuka.

"Ndili pano, amayi."

"Kutsogoloko ndi achimwene ako. Abambo ako sanawaike."

Anapukuta dzanja lawo pa chitenje, n'kufunafuna mkono wanga.

"Tiye unditengere kunyumba," anatero. "Alendo a eni ake asakhale ndi njala."